Geti la Mapaipi ndi Dengu la Apongozi

Mukadzadutsa kanjira ka kuseri kwa nyumba yathu, cha kumtunda kwa Mbulumbuzi, mudzaona geti loyera la mapaipi apulasitiki, mizati yake iwiri itapendekera uku ndi uku ngati nyanga za ng'ombe yokalamba. Chonde musadzafunse amene analipanga. Anthu a m'mudzi muno adzakuuzani msanga, ndipo adzathiramo ndi mchere wawo. Ndiye ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndekha, nkhaniyi isanakule kuposa mmene yakuliramu.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya pulayimale (dzina la sukuluyo ndilisunga, ana a m'kalasi mwanga angamve). Kwathu ndi ku Mikolongwe, koma ndinakwatira kuno ndipo ndimakhala pachikamwini. Nyumba yanga ndi ya apongozi anga aakazi zili mumpanda umodzi wa udzu. Ndine munthu wamfupi. Ichi ndachinena dala poyambirira pomwe chifukwa chibweranso kutsogoloku. Apongozi anga ndi aatali, owongoka, ndipo akasenza katundu pamutu amayenda osagwirira ngakhale potsika chitunda.

Pofika chaka chimene ndikunenachi ndinali nditakhala pakhomopo zaka zisanu ndi chimodzi, koma ine ndi apongozi tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso, ngakhale moni weniweniyu. Si kuti tinkadana ayi. Ndi mwambo. Mkamwini ndi apongozi ake amaopana mpaka atalowana, ndipo kulowanako kwathu kuno apongozi amapha nkhuku, mkamwini amapereka kamphatso monga chitenje, ankhoswe ali pompo, basi kuyambira tsiku limenelo mumacheza ngati anthu. Musanalowane, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine minda ya anthu ndaipondaponda, ndipo chisoso chandimata mathalauza kosawerengeka.

Uthenga wonse unkadzera mwa akazi anga, amake Lonjezo. Iwo akachokapo, apongozi anali ndi njira yawo. Ankaima pabwalo, n'kuyang'ana nkhuku kapena mtengo wa mango, n'kulankhula mokweza pang'ono: "Kaya anthu ena aona kuti denga la khitchini likudontha." Anthu enawo ndinali ine. Ndinkatsokomola kamodzi ndili m'nyumba, kusonyeza kuti uthenga wafika.

Anzanga amene tinakwatira nawo chaka chimodzi analowana ndi apongozi awo kalekale, ena mpaka amatumana fodya. Tsiku lina ndinafunsa akazi anga kuti kodi ife chikutichedwetsa n'chiyani. Anazungulirazungulira, kenako anandiuza.

"Amayi akuti nkhuku ilipo, koma ayambe aona kaye ntchito ya manja anu."

"Nanga kusukulu ndimagwira ndi mapazi?"

"Akuti choko si ntchito ya manja."

Mawu amenewa anandipweteka, sindinama. Chitenje cha mphatso ndinali nditagula kale, chili m'sutikesi chaka chachitatu, chikungonunkha mankhwala a njenjete. Ndinkafuna kuti tsiku lina ndidzakhale pamkeka umodzi ndi agogo ake a mwana wanga, tizikambirana za mvula ngati mmene anthu ena amachitira. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusakasaka ntchito ya manja yoti iwoneke.

Ntchitoyo inabwera ndi mbuzi. Mukudziwa mmene zimakhalira mu Ogasiti: chimanga chakololedwa, mbuzi azimasula kuti zizidzidyera zokha, pamene nandolo ndiye wangoyamba kuuma. Apongozi amayanika nandolo wawo pamphasa kuseri kwa nyumba, ndipo kuseri komweko mpanda uli ndi khomo lotulukira kumunda. Pakhomopo panali chitseko chansungwi chimene chiswe chinadya mpaka chinangogwa chokha. Mbuzi za a Che Bwanali, mmisiri wa matabwa amene tinayandikana naye nyumba, zinalowa kawiri pamlungu umodzi. Ulendo wachiwiriwo apongozi anaima pabwalo n'kuuza tambala kuti: "Kaya pakhomo pano pali mwamuna kapena onse anapita ku Joni." Ndinatsokomola, koma chifuwa chake chinatuluka chofooka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Madzulo omwewo ndinakumbukira kakanema kena kamene ndinaona pafoni, mzungu wina akupanga geti la kuseri kwa nyumba yake ndi mapaipi apulasitiki, oyera aja a madzi. Anangodula, kupaka guluu, kulumikiza, mphindi khumi zokha geti laima, iye akumwetulira malaya osada n'komwe. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chiswe sichidya pulasitiki. Ndinaona kuti nayi ntchito ya manja yokhala ndi nzeru za kusukulu mkati mwake.

A Che Bwanali atamva anabwera okha, pensulo ili kukhutu.

"Aphunzitsi, mbuzizo n'zanga, mlandu ndi wanga. Ndili ndi matabwa a bulugamu otsala, mawa lomweli ndikukhomerani chitseko, simulipira kanthu."

"Zikomo, Che Bwanali, koma matabwa ndi ndiwo za chiswe. Ine ndipanga la mapaipi."

"Mapaipi ake a madziwa?"

"Omwewo."

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera. "Chabwino, inu ndi ophunzira. Sowo mukaifuna mudzatenge."

Chimene sindinawauze n'chakuti chitseko chopangidwa ndi iwo chikanakhala ntchito ya manja awo, ndipo nkhuku ija bwenzi atadya ndi iwo.

Mwayi unandigwera. Lachitatu apongozi ananyamuka kupita ku Kadewere kwa akulu awo, kunali chinkhoswe cha mdzukulu, ndipo anati abwera Lachisanu madzulo. Sukulu tinali titatsekera. Ndinali ndi masiku atatu, pamene mzungu uja anafuna mphindi khumi zokha.

M'mawa womwewo ndinakwera minibasi kupita ku Limbe. Musitolo ya zipangizo ndinatchula zonse monga mmene ndinazilembera: mapaipi, zolumikizira zokhota zimene ogulitsa amati maelibo, zina za nthambi zitatu, ndi kachitini ka guluu. Wogulitsayo anandifunsa kuti madziwo ndikukoka kuchokera kuti.

"Si za madzi. Ndikupanga geti."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mapaipiwo. "Geti. Chabwino, bwana. Koma guluu ameneyu sadikira munthu. Mukapaka, lowetsani, wongolani pompo. Mukati muyambe mwakanda kumutu, basi wagwira."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa (sindinkadziwa).

Mapaipiwo anawadula pakati kuti akwane muminibasi, komabe anali aatali. Nditatsika pasiteji ndinawamanga panjinga yanga imene ndinaisungitsa pagolosale, ndipo ulendo wonse ankagwedera kutsogolo ndi kumbuyo, ine ndikukankha pakati. Kuipa kwake, njira yathu imadutsa pamjigo. Amayi amene anali pamzere ataona mphunzitsi ndi mtolo wa mapaipi oyera, nkhani inayenda yokha. Ndisanafike n'kunyumba komwe, mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi akubweretsa madzi a m'mipope. Mayi wina wachikulire ananditsatira mpaka pakhomo kudzafunsa kuti mpopewo uima pati, ndipo ngati n'kotheka uyandikire kwa iwo chifukwa cha mawondo. Nditawafotokozera kuti ndi geti, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi (sizinawatengere nthawi) n'kubwerera osatsanzika.

Lachinayi m'mamawa ndinayamba ntchito. Tepi yoyezera ndinalibe, choncho ndinagwiritsa ntchito rula yaikulu ya pabolodi imene ndinabwera nayo kunyumba potsekera. Ndinakumba mayenje awiri, kuimika mapaipi awiri aakulu ngati mizati, kutsendera ndi miyala. Kenako chitseko chenichenicho. Ndinadula bwinobwino ndi sowo ya a Che Bwanali, ndipo kona yoyamba inakhala bwino kwambiri moti ndinaitana akazi anga kuti adzaone. Pakona yachiwiri ndinapaka guluu, kulowetsa, kenako ndinakayikira ngati eliboyo iyenera kuyang'ana kumwamba kapena kumbali. Ndinatenga foni kuti ndionenso kakanema kaja. Netiweki ya kwathu kuno muidziwa. Kanthu kaja kanazungulira, kuzungulira, ndipo pamene mzungu anatulukira akumwetulira, elibo yanga inali itagwira kale ikuyang'ana ku Zomba.

Ndinakoka. Ndinapondapo n'kukoka. Ndinaimirirapo ndi miyendo yonse iwiri. Wogulitsa uja sananame. Ndinkafuna chitseko cha makona anayi ofanana, chimene ndimajambula pabolodi chaka ndi chaka osalakwitsa, koma chimene chinatuluka chinali ndi maonekedwe osapezeka ngakhale m'buku la Sitandade 8. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mbuzi sizinaphunzire masamu.

Mahinjesi ndinaiwala kugula, ndiye ndinamangirira chitsekocho kumzati ndi mphira za tchubu cha njinga. Chitangokolekedwa, mzati wakumanzere unayamba kuwerama pang'onopang'ono kulowera mkati, popeza paipi ndi yagweregwere, mkati mulibe kanthu. Ndinaganiza mwamasamu. Ndikalumikiza mizati iwiriyo ndi paipi yopingasa pamwamba, uliwonse uzigwira unzake. Kutalika kwake ndinayeza chonchi: ndinaima pakhomopo, kuika chikhatho pamwamba pa mutu wanga, kuwonjezera zala zinayi za ulemu, n'kudula pamenepo. Paipi yopingasayo ndiyo ndinailumikiza mwaluso kuposa zonse, guluu wambiri, osayang'ana foni.

Akazi anga anabwera ndi kapu ya thobwa, n'kuima akuyang'ana m'mwamba.

"Bambo a Lonjezo, chopingasachi chikhala pomwepa?"

"Chimenecho ndiye chagwira geti lonse."

"Ayi, ine ndimangoti, popeza njira imeneyi ndi yakumunda, ndiye anthu pobwera..."

"Amake Lonjezo, inu mukamaphika ndiwo ine ndimakuuzani mchere wake?"

"Pepani, aphunzitsi," anatero, n'kundipatsa thobwalo. Akazi anga akanditchula kuti aphunzitsi sikukhala kulemekeza ayi, ndipo ndinayenera kudziwa. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa yankho linabwera lokha ndi thobwa lomwe, ine n'kulibweza.

Lachisanu linali tsiku la mayeso. Woyamba kuyesa anali kamwana ka mbuzi. Kanabwera kakudumphadumpha, kanadutsa pakati pa mapaipi osachepetsa ngakhale liwiro, kananunkhiza mphasa n'kutulukanso pomwepo. Mipata inali yaikulu. Ndinathamangira kumtsinje kukadula nsungwi, kuzing'amba, kuzilukira m'mipatamo. A Che Bwanali anali ataima kuseri kwa mpanda akuonerera, manja ali kumbuyo.

"Aphunzitsi, ndiye chiswe chija mwachiitananso?"

"N'zongoyembekezera izi."

"Eya. Chidya nsungwizo, mapaipi chikusiyirani."

Wachiwiri kuyesa inali mphepo. Masana kunayamba kachiperoni, ndipo getilo, popeza linali lopepuka, linkangotseguka lokha n'kumaperekeza mphepo uku ndi uku. Apa ndiye ndinatulukira nzeru imene ndimainyadirabe mpaka lero, kaya anthu anene zotani. Ndinatenga mphira ina yaitali, kuikoka zolimba kuchokera pachitseko mpaka pamzati, moti munthu ukakankha n'kudutsa, geti linkabwerera lokha n'kudzitseka kuti phwa. Ndinalowa ndi kutuluka mwina kakhumi. Lonjezo ndi amake ankandionerera pakhonde.

Apongozi anafika madzulo kudzera kumaso, otopa, n'kulowa m'nyumba mwawo osaona chilichonse. Loweruka m'mamawa ndinadzuka msanga n'kukhala pazenera, katani nditatsegula pang'ono. Anatuluka ndi dengu lopanda kanthu m'manja, kupita kumunda kukapuntha nandolo amene anamusiya ataunjika. Atafika pageti anaima. Analiyang'ana pansi, analiyang'ana m'mbali. Anakankha ndi chala, kudutsa bwinobwino (mpango wawo unangotsala pang'ono kukhudza chopingasa chija, koma ine maso anga anali pankhope yawo), ndipo geti linadzitseka kumbuyo kwawo. Anatembenuka, kuliyang'ananso, n'kuuza nkhuku imene inali pafupi kuti: "Kaya."

Mawu amodzi okhawo ndinawasinkhasinkha m'mawa wonse. Ndinafunsa akazi anga ngati "kaya" wa amayi awo amakhala wabwino kapena woipa, iwo anati zimatengera. Ine ndinasankha kuti anali wabwino. Ndinatulutsa chitenje chija m'sutikesi n'kuchiyanika kuti fungo lichoke.

Cha m'ma 3 koloko ndinatenga mpando n'kukhala kuseri, pansi pa mango, mapazi ochepa kuchokera pageti, nyuzipepala yakale ili m'manja. Cholinga chinali chakuti ndikawaona akubwera ndilowe m'khitchini monga mwa mwambo, koma ndikhale pafupi kuti ndimve zimene auze nkhuku ulendo uno. Akazi anga anali m'bafa, kuseri kwa khitchiniyo.

Ndinawaona akukwera kanjira kaja, owongoka monga mwa masiku onse. Pamutu panali nkhata, pankhata panali dengu lalikulu, ndipo m'dengumo munali nandolo wopunthapuntha, wopetapeta, wodzaza mpaka kupanga kaphiri pamwamba. Ntchito ya tsiku lonse. Kumbuyo kwawo, chapatali pang'ono, mbuzi zinayi za a Che Bwanali zinkatsatira mwachiyembekezo.

Ndinayang'ana dengu. Ndinayang'ana chopingasa. Kwa nthawi yoyamba mlungu wonsewo masamu anga anagwira ntchito bwino, ndipo yankho lake linali lakuti dengulo silidutsa. Munthu wosenza sayang'ana kumwamba, khosi limakhala chilili, maso kutsogolo. M'mawa anadutsa wopanda kanthu pamutu, ndipo panalibe chifukwa choti akumbukire paipi imene sanaigunde.

Anali ngati mapazi makumi atatu kuchokera pageti. Chofunika chinali mawu awiri okha: amayi, weramani. Ndinatsegula pakamwa, koma zaka zisanu ndi chimodzi zinandigwira pakhosi. Mkamwini kukuwira apongozi ake, tisanalowane, anthu akumva? Ndinatembenukira kubafa.

"Amake Lonjezo."

"Ndikusamba."

"Auzeni amayi awerame."

"Mwati chiyani?" Madzi anali akukhuthuka.

"Awerame. Auzeni awerame."

"Ndani?"

Mapazi khumi ndi asanu. Ndinaona kuti njira ya kubafa ndi yaitali, ndipo ndinaganiza zogwiritsa ntchito njira ya eni ake. Ndinaimirira, kuyang'ana mtengo wa mango, n'kunena ndi mawu aulemu, otsika pang'ono: "Kaya anthu ena akudziwa kuti pamwambapa pali paipi."

Apa ndi pamene ndinaonongeratu zinthu. Apongozi sanamve mawuwo bwinobwino, anangomva kuti ndi liwu la mkamwini ndipo lili pafupi. Monga mayi wodziwa mwambo, anatembenuzira maso kumbali kuti tisaonane, n'kuwonjezera liwiro kuti adutse msanga andipatse mpata. Anakankha geti ndi phazi.

Iwo analowa. Dengu silinalowe.

Chopingasa chija, chinthu chokhacho chimene ndinachilumikiza mwaluso, sichinagwedezeke n'komwe. Dengu linabwerera chagada, linatembenuka m'malere, ndipo nandolo yense anakhuthukira kunja, kumene njira imatsetsereka kulowera kumtsinje. Phokoso lake linali ngati mvula yoyamba padenga la malata, ndipo linatenga nthawi kuti lithe. Kenako geti langa, mokhulupirika, linabwerera lokha n'kuwamenya apongozi kumsana kuti phwa, n'kudzitseka. Nandolo anali kunja pamodzi ndi mbuzi. Mkati munali apongozi, nkhata ili pakhutu, ndi ine, nyuzipepala ili m'manja, popanda nkhuku ngakhale imodzi pakati pathu yoti tiiuze.

Ndinkayembekeza kuti ayang'ana mango. Sanatero. Anachotsa nkhata ija pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ine, m'maso mwenimweni. Ndinali ndisanadziwe kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere.

"Aphunzitsi."

Ndinagwada pomwepo. "Wawa, amayi."

"Munandiona ndikubwera?"

"Ndinakuonani, amayi."

"Dengu munaliona?"

"Ndinaliona."

"Nanga pakamwa munasiya kusukulu?"

"Mwambo, amayi. Ndinaopa."

"Mwambowo ndiye utola nandoloyu? Dzukani apo, mbuzi zikudya."

Ndinathamangira kunja (ndinadutsa pansi pa chopingasacho osawerama, n'chifukwa chake ndinayamba ndi kukuuzani za msinkhu wanga) n'kuyamba kulimbana ndi mbuzi. Ukathamangitsa iyi, iyo yabwerera. A Che Bwanali anatulukira ndi kamtengo kudzandithandiza, ndipo ndimawathokoza mpaka lero chifukwa sananene chilichonse, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka. Akazi anga anatuluka m'bafa sopo ali m'khosi, anaona amayi awo akundilozera ndi chala pamene pagwera nandolo wambiri, anamva akunditchula, ndipo anabwereranso m'bafamo. Zimene ndinamva kuchokera mmenemo sizinali za kusamba.

Tinatola nandolo ameneyo mpaka dzuwa kulowa, ine ndi apongozi, titagwada m'fumbi moyandikana. Wapamwamba tinakokolola ndi manja, wina tinasesa ndi dothi lomwe kuti akapetenso, wina tinachita kutola mmodzimmodzi m'mapesi ndi m'timaenje. Wina anapita ndi mbuzi, wina anagubudukira kumtsinje, ndipo ndikukhulupirira kuti amene akumera m'mbali mwa njirayo chaka chino ndi yemweyo.

Nthawi yonseyo apongozi ankalankhula. Anthu inu, mawu a zaka zisanu ndi chimodzi ndi ambiri. Anandiuza kuti mizere imene ndimalima kumunda imakhota ngati ndimalima nditatsinzina. Anandiuza kuti denga la khitchini ndinalikonza mbali imene sinkadontha. Anandiuza kuti chifuwa changa chija chimawadetsa nkhawa, mpaka nthawi ina anafuna kunditumizira mankhwala. Ine ndinkangoti, "Wawa, amayi," uku ndikutola, ndipo chodabwitsa n'chakuti mumtima ndinkamva kukoma. Munthu amene wakhala akukudzudzula kudzera mwa tambala akayamba kukudzudzula mwini wake, umamva ngati wakwezedwa pantchito.

Kenako anapuntha dothi m'chikhatho, n'kutsitsa mawu.

"Koma chaka chija Lonjezo anakomoka ndi malungo, njinga itaphwa, inu munamubereka kumsana n'kuthamanga naye wapansi mpaka kuchipatala. Ndinaona. Sindinathe kukuuzani, koma ndinaona."

Ndinayang'ana pansi kwambiri, ngati ndaona nandolo wina wobisala. Maso anga anali atadzaza, ndipo si fumbi ayi.

Dengu litafika penapake pamwamba pa theka, anaimirira, kudzikung'untha chitenje, n'kuyang'ana geti lija kwa nthawi yaitali.

"Nkhuku ija ndipha Lamulungu la mawa lino. Muwauze ankhoswe."

Ndinaimirira msanga. "Ndiye kuti ntchito ya manja mwaiona, amayi?"

"Ndaiona, ndipo msana wanga waimvanso. Si chifukwa cha imeneyo ayi. Ndaona kuti tikapanda kukumasulani pakamwa, tsiku lina mudzandiona ndikuponda njoka inu n'kumauza mango."

Tinalowanadi mawa lakelo. Nkhuku inali yonona, chitenje anachilandira (anati chikununkha sutikesi), ndipo a Che Bwanali, amene, pokhala Msilamu, anachita kuizinga okha nkhukuyo kuti nawonso adye nawo, anadya chiwalo chachikulu kuposa changa. Lolemba m'mawa ndinabwerekanso sowo n'kudula chopingasa chija, apongozi ataima pambali akundiuza podula. Chitangochoka, mizati inapendekera uku ndi uku monga mmene mudzaionere. Nsungwi zija chiswe chinadya mvula isanagwe. Mapaipi sichinawakhudze, ndipo mfundo imeneyi ndimaikumbutsa aliyense amene wayamba kuseka.

Masiku ano ine ndi apongozi timacheza tsiku lililonse. Kunena zoona, iwo ndi amene amacheza, ine ndimavomera, ndipo pena ndikaweruka kusukulu nditatopa ndimakumbukira masiku a tambala aja ndi kachisoni pang'ono. Koma mvula ikamabwera timakhala pakhonde limodzi n'kumaiyang'ana, ndipo sindingasinthanitse zimenezo ndi geti lowongoka.

Mapaipi awiri anatsala, ali kudenga la khitchini. Mlungu wathawu ndinaona pafoni kuti mzungu yemwe uja amapanganso khola la nkhuku ndi mapaipi omwewa, mphindi khumi ndi zisanu zokha. Ndinakawauza apongozi ndekha, maso ndi maso, popanda kudzera kubafa. Anapitiriza kusankha nyemba zawo osadzutsa mutu.

"Pangani, bambo," anatero. "Koma ulendo uno muyeze nkhukuzo, osati inuyo."